Mafupa Opanda Kwawo

Lolemba m'mawa Kanthiti analemba nambala ya fupa limene linali patebulo pake, ndipo kompyuta inamuyankha kuti fupa lotero kulibe. Anayang'ana fupalo. Linalipo ndithu, lofiirira, lolemera ngati mwala wonolera mpeni, nambala yake ili mbee pambali ndi inki yoyera: 2147. Analembanso nambalayo mwachifatse, chala chimodzichimodzi. Kompyuta sinasinthe mawu.

"Usandiyambe dala m'mawa uno, tiyi sindinamwe," anatero.

Anayesa 2148. Kulibe. Anayesa 2150. Kulibe. Anadumphira ku 2300, nakonso kunali zii. Apa m'pamene anazindikira kuti manambala onsewo anali a banja limodzi, banja limene iye mwini analikhudza Lachisanu.

Kanthiti ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Sankakhala kutsogolo kumene ana a sukulu amajambulitsa pansi pa chigoba chachikulu cha dainoso, ayi. Chigoba chimenecho chinali cha pulasitala, ngakhale palibe amene ankaulula zimenezo kwa odzaona. Iye ankakhala kuseri, m'chipinda cha mafupa enieni, mmene munali mashelefu achitsulo khumi ndi anayi, zenera limodzi pamwamba penipeni, ndi fani imene inkapukusa mutu tsiku lonse ngati ikukana mlandu. Pamashelefupo panagona mafupa a madainoso, zilombo zimene zinatha padziko munthu asanaganiziridwe n'komwe. Ntchito ya Kanthiti inali yoika fupa lililonse pamalo ake m'databezi, nkhokwe ya pakompyuta.

Malo akewo anali pa mtengo wa mabanja. Patsinde panalembedwa kuti dainoso. Tsinde linagawika nthambi, nthambi n'kubala mabanja, mabanja n'kubala mitundu, ndipo kunsonga kwenikweni kunalendewera mafupa, lililonse ndi mbiri yake. Databezi inali ndi lamulo limodzi losapindika: chilichonse cholowa mmenemo chikhale ndi kholo. Fupa likhale pansi pa mtundu, mtundu pansi pa banja, banja pansi pa nthambi. Chopanda kholo sinkachilandira.

Ntchitoyi anaitengera kwa bambo ake, amenenso anamupatsa dzina loti Kanthiti ali wamng'ono, poti anali woonda moti ankati nthiti zake angaziwerenge ali patali. Anakula, ananenepa, anabereka ana awiri, koma dzina linakana kuchoka. Bambo akewo nawo dzina lawo lenileni linatsala pa chitupa chokha. Aliyense ankawatchula kuti a Kabati, chifukwa ukawafunsa za fupa lililonse ankatsinzina pang'ono ngati akukoka dirowa m'mutu, kenako n'kukuuza zonse. Anagwira ntchito m'chipindamo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mafupa ambiri anakumba okha ndi manja awo.

Koma tinene zoona, a Kabati anali ndi vuto lawo: kulemba ankadana nako. Panali kabati yeniyeni yamatabwa yodzaza makhadi, khadi limodzi fupa limodzi, koma pakhadipo ankangolemba nambala, dzina la fupa, ndi banja lake. Zina zonse, kumene fupa linakumbidwa, dothi lake linali lotani, linali pansi bwanji, pambali pake panagona chiyani, zinali m'mutu. Ankati inki ndi ya anthu oiwala. Chonsecho fupa lopanda kwawo ndi mwala chabe. Ngati sudziwa dothi limene linachokera sungadziwe zaka zake, sungadziwe linkakhala ndi ndani, ndipo katswiri aliyense amangolitembenuza kamodzi n'kulibwezera pansi. Mafupa otero ankatsitsidwa kuchipinda chapansi, m'mabokosi olembedwa kuti osadziwika. A Kabati ankakutcha kumeneko kuti manda achiwiri.

Atapuma pantchito, ndiye mantha anagwira aliyense. Choncho kwa chaka ndi theka a Kabati ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse m'mawa, atavala jekete ngati akupita kukafunsidwa ntchito. Kanthiti ankawaika fupa m'manja. Iwo ankalisisita ndi chala chachikulu, n'kutsinzina, n'kuyamba. Iye ankalemba pa laputopu. Tsiku lomaliza, atatha fupa lomaliza, a Kabati anadzigogoda pachipumi ndi chala, n'kusisita laputopu ija ngati akusisita mwana.

"Kabati ndakhuthula," anatero. "Tsopano ngakhale ndigwe mawa, mafupa anga ali ndi kwawo."

Sanagwe mawa lake. Anagwa patapita milungu itatu, m'bafa, ndi sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, ndipo pa mawu onse amene anali nawo, munthu wolongolola ngati wayilesi, anatsala amodzi okha: eya.

Tsono panali banja lina pa mtengo uja limene a Kabati ankalikonda kuposa onse. Mabanja enawo anawapatsa mayina awoawo, poti achilatini ankati amathyola lilime: a Makosi, a Mano, a Nyanga, a Zishango. Ili ankalitcha Alendo. Munali zilombo zonse zimene akatswiri sankadziwa abale ake, zongoikidwa pamodzi podikira kuti tsiku lina eni ake apezeka. Ndipo akatswiri a mafupa, amene sakhala chaka osakangana, anafika pogwirizana kuti Alendo si banja konse. Anagawa zilombo zake zonse: izi zipite kwa a Makosi, izo kwa a Mano. Lachisanu m'mawa bwana wamkulu anabweretsa pepala la kagawidweko n'kuuza Kanthiti kuti akonze mtengo.

Kanthiti anali atagwira makhadi zaka khumi ndi zisanu kompyuta isanabwere, ndipo manja ake ankadziwa ntchitoyi popanda kufunsa mutu. M'kabati yamatabwa banja lililonse linali ndi khadi lalitali kutsogolo, lolembedwa dzina la banjalo. Banja likatha, umayamba wazula khadi lalitali lija kuti usasokonezeke, makhadi ang'onoang'ono n'kutsala chiimire m'dirowa, kenako umawasamutsa modekha, limodzilimodzi. Bambo ake ankatero, iyenso ankatero. Make mbuu, mwana mbuu. Choncho Lachisanu lija, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko, analoza dzina la banja la Alendo n'kulifufuta. Nthawi yomweyo kunja kunaima mabasi atatu a ana a sukulu, bwana n'kumuitana kuti akathandize kutsogolo. Anatseka laputopu, mumtima akuti ana a banjalo adzawasamutsa Lolemba. Tsoka silinunkha.

Lolemba lake ndi limeneli. Anadzuka pampando n'kupita kukachipinda ka a Mawaya, bambo woyang'anira makompyuta, amene ankakhala pakati pa zingwe ndi makina olira usana wonse. Laputopu ya Kanthiti inali khomo chabe. Nkhokwe yeniyeni inali m'makina amenewo.

"A Mawaya, tabwerani mudzaone. Mafupa anga athawa."

"Mafupa sathawa, mayi. Mwazimitsa n'kuyatsanso?"

"Tabwerani, nthabwala pambuyo."

A Mawaya anabwera akukoka masilipasi, anakhala pampando wa Kanthiti, n'kutsegula zinthu zakuda zimene iye anali asanazionepo. Anawerenga kanthawi. Kenako anasiya kugwedeza mwendo.

"Lachisanu, 11:40, munachita chiyani?"

"Palibe. Ndinangochotsa khadi lalitali basi."

"Khadi lanji?"

"Dzina la banja. Kuti lero ndisamutse ana."

A Mawaya anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ngakhale anali oyera kale. "Mayi, umu mulibe makhadi. Umu chilichonse chimaima chifukwa cha kholo lake. Mukazula kholo, ana onse amapita nalo. Ndi adzukulu omwe."

"Apita kuti? Tikawatenge."

"Sapita kwina. Amangotha."

"Koma sinandiuze!"

"Inakufunsani ngati mukutsimikiza."

"Imandifunsa zimenezo kambirimbiri pa tsiku! Ngakhale ndikonze kadontho, mukutsimikiza, mukutsimikiza. Ndani amawerenga zimenezo?"

A Mawaya sanatsutse, poti nawonso sankawerenga. Anangoti, "Mafupa 312."

Kanthiti anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako anakumbukira, mtima n'kukhalako pansi pang'ono. "Bakapu! Paja mumati mumasunga kope la zonse."

Munthu wamkulu ngati a Mawaya kuyang'ana pansi ngati mwana woba shuga, chinali chinthu chomvetsa chisoni. Anafotokoza pang'onopang'ono. Disiki yosungira kope inali imodzi yokha. Lachisanu lililonse 4 koloko madzulo makina ankakopera zonse zimene zilipo, n'kupondereza kope la mlungu wathawo. Yachiwiri anaipempha zaka ziwiri zapitazo, ndipo kalata yake inali ikugonabe m'fayilo ya abwana. Akanadziwa Lachisanu 3 koloko, ngakhale 3:59, bwenzi zonse zitabwerera ngati masewera. Koma makina, okhulupirika pa ntchito yawo, anakopera mtengo wodulidwa kale uja n'kuusunga mosamala kwambiri.

"Ndiyesa kufukula," anatero a Mawaya. "Koma musandiikire mtima."

Anayesadi, munthu wa Mulungu. Anakhalapo Lolemba lonse ndi Lachiwiri mpaka masana osapita n'kokadya komwe. Chimene anafukula chinali masamba atatu a zizindikiro zosamveka, pakati pake pali mawu owerengeka ngati mano a nkhalamba: "mchenga wofiira", "chakumadzulo kwa", "mvula itang". Anamupatsa Kanthiti mapepalawo ndi manja awiri.

Bwana wamkulu sanakalipe, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. Anamva nkhani yonse akuzunguza cholembera, n'kupuma mozama. "Madzi akatayika saoleka, mayi. Makhadi amatabwa aja alipobe eti? Bwezeretsani manambala ndi mabanja kuchokera pamenepo. Pa malo ofunsa kumene linapezeka, lembani kuti sikudziwika. Amenewo atsikira pansi Lachisanu." Anaganiza pang'ono, n'kuwonjezera, "Kapena mungofunsanso bambo anu." Atangotero anakumbukira, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chimene analibe.

Kanthiti anabwerera kumashelefu n'kutenga kope lolembamo ndi cholembera. Paja iye ndi amene analemba mbiri zonse 312 ndi zala zake. Zingalephere bwanji kutsalako m'mutu? Anatenga fupa loyamba n'kulisisita monga ankachitira bambo ake. Anatsinzina. Mumdimamo munalibe dirowa, munali fani yokha ikulira. Anatenga lachiwiri, lachitatu, mpaka shelefu yonse. Pofika madzulo anali atakumbukira tizidutswa ta mafupa asanu ndi anayi, tosathandiza n'komwe: mtsinje wina wokhota, lole imene inatitimira, mnzawo wina amene analumidwa ndi chinkhanira. Mtsinje uti? Chaka chiti? Zii.

Choonadi chinamufika pang'onopang'ono, ndipo chinamuchititsa manyazi. Chaka ndi theka chonse chija iye sankamvetsera. Mawu ankalowa m'khutu n'kutulukira ku zala, mutu uli kwina, ku ndalama ya basi, ku mwana wodwala chimfine, ku koloko ya pakhoma. Bambo ake akayamba kukometsera nkhani, za mmene dzuwa linkaotchera tsiku limenelo, za nyimbo imene ankaimba pokumba, iye ankawadula. "Bambo, mwachidule. Malo, dothi, kuya kwake, basi." Iwo ankaseka n'kunena kuti ana a masiku ano amafuna nyama yopanda msuzi. Kanthiti ankaona ngati palibe chifukwa chosungira m'mutu zinthu zimene kompyuta ikusunga. Tsopano anakhala pansi pakati pa shelefu 9 ndi shelefu 10, pamene panalibe womuona, n'kulira ngati mwana.

Lachitatu masana anachita chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Anakulunga fupa 2147 m'kansalu n'kuliika m'chikwama pamodzi ndi laputopu ndi kope. Fupa silituluka m'nyumbamo popanda chilolezo cholembedwa, ndipo mlonda ankatseka chipinda cha mafupa 4 koloko. Anasankha limeneli chifukwa chinthu chimodzi ankachidziwa motsimikiza: linali fupa la chala cha kuphazi, loyamba limene bambo ake anakumba ali mnyamata wa zaka makumi awiri. Ngati pali limene akanatha kulinena, linali limeneli. Ndipo ngati akanalephera, anali atatsimikiza mtima kuti awauza zoona. Mafupawo anali awo, anayenera kudziwa.

A Kabati ankakhala ndi mlongo wawo, azakhali ake a Kanthiti, m'nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi pokwerera mabasi. Kanthiti anawapeza azakhaliwo kukhitchini akunyenya nkhuku.

"Wabwera masana ano? Akuchotsa ntchito?"

"Ayi, Azakhali. Bambo ali maso?"

"Ali maso, angomaliza kusamba. Takhala kaye udye. Ndikuphika m'bale wawo wa abuluzi anu aja. Si paja achimwene amati nkhuku ndi mdzukulu wa dainoso? Zaka zonsezi akhala akudya achibale a abuluzi awo, osachita n'manyazi omwe." Anaseka okha, kenako anamuyang'anitsitsa. "Iwe mwana, maso afiira chonchi bwanji?"

Kanthiti anawauza. Anayesa kufotokoza za kholo ndi ana ndi disiki imodzi, koma azakhali anakweza mpeni m'mwamba kumuletsa.

"Za mawaya anuzo sindizimva. Ungondiuza: zimene achimwene ankapita kukanena Lachiwiri ndi Lachinayi zija, atavala jekete, zilipo kapena palibe?"

"Zina zilipo. Za mafupa 312 palibe. A banja limene ankalikonda lija."

"Si ungozilembanso?"

"Ndizitenge kuti, Azakhali?"

Azakhali anaika mpeni pansi n'kupukuta manja pa epuloni nthawi yaitali. "Ndiye wabwera kudzatani?"

"Kudzayesa. Mwina angathe kulemba ndi dzanja lamanzere. Akalephera ndiwauza."

"Uwauze kuti atani nazo? Akakumbenso?" Anatsitsa mawu. "Tamvera. Munthu uja sapempha kanthu. Chakudya ndimachita kumukakamiza, wayilesi ndikatsegula amayang'ana kukhoma. Koma akabwera munthu kudzamuona, aliyense, ngakhale wowerenga mita ya madzi, amadzigogoda pachipumi, n'kutambasula dzanja kusonyeza kuti mulibe kanthu, n'kuseka. Anthu amaona ngati mutu wasokonekera. Ine ndimadziwa. Akunyadira kuti anatula katundu nthawi ikadalipo. N'chokhacho chimene chatsala chomusekeretsa." Anatolanso mpeni. "Bambo ndi ako. Ine sindikuletsa. Ndangonena."

Chipinda cha a Kabati chinkanunkha sopo ndi mafuta opaka. Azakhali anali atawakhazika pampando wa pazenera, pilo kumbuyo, thaulo paphewa lakumanja. Jekete lija linali pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Ataona mwana wawo, theka la nkhope linamwetulira.

"Eya," anatero.

"Mwaswera bwanji, Bambo? Ndakubweretserani mlendo."

Anamasula kansalu kaja n'kuwaika fupa m'dzanja lamanzere. Dzanjalo linatsika pang'ono ndi kulemera, kenako zala zinagwira. Chala chachikulu chinayamba kuyenda chokha, kutsata m'mbali, mpaka chinapeza kamng'alu kamene Kanthiti sanadziwe n'komwe kuti kalipo, n'kuima pamenepo. A Kabati anatsinzina. Ndipo mwana wawo anaona ndi maso ake dirowa ikutseguka. Nkhope yonse inawala, ndi mbali yakufa yomwe. Zonse zinalimo: mtsinje, dothi, chaka, kuya kwake, dzuwa la tsiku limenelo. Zinali pomwepo, kuseri kwa chipumi chimene akanatha kuchikhudza ndi dzanja.

Anatsegula kope mwachangu. "Munalipeza kuti, Bambo? Tandikumbutsani."

Milomo inagwedezeka. Khosi linakoka mitsempha. "Eee... eya." Anayesanso, lilime likulimbana ndi mano. "Eya. Eya. Eya!"

"Pang'onopang'ono, musafulumire. Kunali mtsinje?"

"Eya."

"Kapena kunali kuphiri?"

"Eya."

Kanthiti analuma mlomo. Anawachotsa fupa, n'kuliika pamiyendo pawo, n'kuwapatsa cholembera. Anagwirizira kope ndi manja ake awiri. A Kabati, munthu amene ankati inki ndi ya anthu oiwala, anagwira cholemberacho ngati khasu, n'kuyamba kukanda pepala. Mzere unatsika, unakhota, unabwerera, n'kudutsa pa unzake. Mwina chinali chilembo, mwina mapu a mtsinje, mwina dzanja linkangopita kumene likufuna. Thukuta linatuluka pamphuno. Anakanikiza kwambiri mpaka pepala linang'ambika, cholembera n'kugwera pansi pa bedi. Anamenya mkono wa mpando ndi chibakera, kamodzi, kawiri, ndipo msozi unatsika mbali yamoyo ya nkhope.

"Basi, Bambo, basi. Pepani. Zisiyeni."

Anawapukuta ndi thaulo lija. Mumtima ankadzitukwana. Anabwera kudzatenga chimene anataya yekha, n'kumuzunza munthu wodwala ngati mboni ya kukhoti. Tsopano panatsala chachiwiri chija, chowauza. Anakoka mpweya n'kukonza mawu: Bambo, ndalakwitsa. Bambo, Alendo aja. Anatsegula pakamwa.

Koma a Kabati sankamuyang'ana. Maso awo anali pa chikwama chimene chinali chotsegula pabedi, pamene ngodya ya laputopu inkaonekera. Kupuma kwawo kunayamba kutsika. Makwinya a pachipumi anamasuka limodzilimodzi, ngati munthu amene wafunafuna kiyi nyumba yonse kenako wakumbukira kuti anasungitsa kwa mnansi. Analoza chikwamacho. Kanthiti, posadziwa chochita, anatulutsa laputopu n'kuwaika pamiyendo, pambali pa fupa.

A Kabati anakweza chala n'kudzigogoda pachipumi. Anatambasula dzanja, lopanda kanthu. Kenako analitsitsa pa laputopu ija n'kuisisita pang'onopang'ono, n'kuseka kaphwete ka mbali imodzi. Ankamutonthoza. Ankamuuza kuti asavutike ndi nkhalamba yosalankhula, akangotsegula makinawo apeza zonse, paja anakhuthula kale. Anamuyang'ana m'maso, akudikira kuti avomere.

Kukhitchini mpeni unali utasiya kulira. Kanthiti anadziwa kuti azakhali aima kuseri kwa chitseko. Anayang'ana dzanja la bambo ake, lokhala ndi zipsera za miyala ya zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, lili phee pa chivundikiro cha laputopu. Analibe mphamvu yonena mawu amene anakonza aja, ndipo analibenso china chilichonse chowapatsa.

"Eya, Bambo," anatero. "Zonse zilimo."

"Eya," anavomera a Kabati, mokhutira.

Anatolanso fupa lija n'kulifumbatira pachifuwa, chala chachikulu chili pa kamng'alu kaja. Anatsamira pilo n'kutsinzina, ndipo milomo inkagwedezeka pang'ono, akudzifotokozera okha nkhani yonse, ndi msuzi wake womwe. Kanthiti anasendeza mpando pafupi, n'kutchera khutu pafupi ndi pakamwa pawo, kumvetsera ndi mtima wake wonse monga sanamvetserepo chaka ndi theka chija. Munkatuluka mpweya wokha.

Posakhalitsa a Kabati anagona. Koloko ya pakhoma inkati 3:10, ndipo basi yobwerera kuntchito inkatenga mphindi makumi anayi. Kanthiti anayesa kukoka fupalo pang'ono, koma zala zinalimbitsa. Anayesanso, zinalimbitsabe. Anabwerera pampando wake, kope long'ambika lili pamiyendo, n'kudikira kuti bambo ake alisiye okha.